Kugula kapena kumanga: kompyuta ya Linux kwa ife a ku Mchinji

Masabata awiri apitawa kunafika bambo wina pa benchi yanga pano pa Boma, mlembi wa gulu la alimi a soya ndi mtedza cha ku Mkanda. Gulu lawo lasonkha ndalama zogulira kompyuta yosungiramo kaundula wa mamembala, makilogalamu amene aliyense wapereka, ndi ngongole za mbewu. Mwana wawo wa ku koleji anawalangiza kuti aikemo Linux, kuti asamalipire laisensi komanso apume ku mavairasi oyenda m'mafulashi. Funso lawo linali lalifupi: "Achimwene, tikagule yathunthu ku Lilongwe, kapena mutimangire ngati mmene amamangira njinga?"

Ndisanawayankhe ndinawafunsa kaye ngati ku ofesi yawo kuli magetsi a pa waya kapena sola. Anadabwa pang'ono, koma pamenepo ndi pamene pagona nkhani yonse.

Kwa amene akuimva koyamba, Linux ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ntchito yomweyo imene Windows imagwira, kungoti aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuisintha ndi kugawira mnzake. Anaiyamba Linus Torvalds ku Finland mu 1991. Imabwera m'mitundu yambiri. Ubuntu, imene inatuluka mu 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, dzina lake ndi umunthu wathu womwewu. Ine oyamba kumene ndimawaikira Linux Mint, imene inamangidwa pa Ubuntu ndipo maonekedwe ake sasokoneza munthu wozolowera Windows.

Zoyenera kuyeza musanatulutse ndalama

Choyamba, kodi Linux ikuona ziwalo zonse za makinawo? Chiwalo chilichonse chimafuna kapulogalamu kochilumikiza ndi Linux, kamene timati dalaivala. Madalaivala ambiri amabwera kale m'kati mwa Linux, koma si onse. Zovuta kawirikawiri ndi zitatu: Wi-Fi, khadi la zithunzi ndi purinta. Wi-Fi ya Intel imangogwira. Ya Broadcom ndi ina ya Realtek imafuna dalaivala wochita kukopera pa intaneti, pamene intanetiyo ndi imene mulibe. Zithunzi za Intel ndi AMD sizivuta, za NVIDIA zimafuna dalaivala wa kampani yake. Mwayi wake, izi zimayesedwa musanagule: mumaika Linux Mint pa fulashi, n'kuyatsira kompyutayo pa fulashiyo osafufuta kalikonse.

Chachiwiri ndi mtengo, koma wonse. Pa mtengo wa m'sitolo onjezerani thiransipoti ya ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 100 pa msewu wa M12, kupita ndi kubwera, mwina kawiri ngati chinthu chakana. Onjezeraninso sikirini, kiyibodi, UPS (kabokosi ka batire kosunga kompyuta ili yoyaka kwa kanthawi magetsi akathima) ndi bandulo. Fayilo ya Linux Mint ndi pafupifupi 3GB, ya Ubuntu 24.04 pafupifupi 6GB, ndiye ngati mnzanu ali nayo kale pa fulashi, kopani kwa iye. Ndi zololedwa. Dziwaninso kuti zida zonsezi zimachokera kunja, choncho mtengo wake umatsatira dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya makompyuta inasintha masiku omwewo.

Chachitatu ndi kupezeka, pa tsiku logula komanso pa tsiku limene chiwalo chidzafe. Chachinayi ndi chisamaliro: fumbi la Seputembala ndi Okutobala limalowa paliponse, ndipo kompyuta yosatheka kutsegula imaphikika m'kati. Chomaliza ndi zoopsa, ndipo chachikulu kwathu kuno ndi magetsi othimathima ndi mphenzi za dzinja.

Pa magetsipa tiwerengetsere pang'ono. Batire ya sola ya 12V 100Ah imasunga mawati 1,200 a ola limodzi, koma ikakhala ya asidi simuyenera kuimwa kupitirira theka. Mwatsala ndi 600. Laputopu yodya mawati 30 ikhoza kugwira tsiku lonse la ntchito n'kutsalako. Desikitopu ndi sikirini yake zikamadya mawati 120 sizifika maola asanu, poti inveta nayo imadyako.

Njira yoyamba: kugula yatsopano m'sitolo

Mtengo. Iyi ndiyo njira yodula poyerekeza ndi mphamvu imene mukupeza. Ambiri amakopeka ndi laputopu yatsopano yotsika mtengo kwambiri, yonyezimira, ya purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Celeron, RAM (memori imene kompyuta imagwirirapo ntchito ikayaka) ya 4GB ndi kosungira ka eMMC ka 64GB. Ndalama yomweyo ikanagula makina akale a mu ofesi amphamvu kuposa pamenepo. Komanso pa mtengowo pamakhala laisensi ya Windows imene mukufuna kuifufuta. Mukapeza yolembedwa FreeDOS, kutanthauza kuti ilibe Windows, kapena yobwera ndi Ubuntu kale, imeneyo ndi yabwinoko chifukwa simulipira zimene simugwiritsa ntchito.

Kupezeka. Ku Lilongwe zilipo zambiri. Kuwoloka boda ya Mwami kupita ku Chipata n'kufupi, koma werengani bwino makwacha awiriwa, ndipo funsirani kaye kwa a MRA za msonkho musanagule, osati katundu ali kale m'manja.

Chisamaliro. Chaka choyamba mumagona tulo: batire ndi yatsopano, waranti ilipo. Koma funsani, alembe pa lisiti, ngati kuchotsa Windows kukukhudza waranti. Malaputopu ambiri opyapyala RAM yake anaiwotcherera pa motherboard, bolodi lalikulu lolumikiza ziwalo zonse, ndiye ya 4GB idzafa ili ya 4GB.

Zoopsa. Apa pali chinthu chimene ambiri sachiyembekezera: makina akakhala atsopano kwambiri, Linux imatha kutsalira pang'ono. Wi-Fi kapena mawu zimakana mpaka patatuluka kernel yatsopano, mtima wa Linux umene umanyamula madalaivala. Makina ena SSD yake, chosungiramo mafayilo chachangu chopanda zozungulira, siioneka poika Linux mpaka mutalowa mu BIOS, kapulogalamu koyambirira kuyaka pa kompyuta, n'kusintha kuchoka pa RST kupita pa AHCI. Malaputopu a purosesa ya Snapdragon ndi ma MacBook a purosesa ya Apple apeweni ngati cholinga ndi Linux, ntchito yowakonzera madalaivala idakali m'kati. Ndipo sitolo zambiri sizilola kumatula katoni kuti muyese fulashi yanu. Zikatero lembani nambala ya modelo, muifufuze pa mndandanda wa makina ovomerezedwa ndi Ubuntu umene uli pa intaneti.

Njira yachiwiri: ya kaunjika yochokera m'maofesi

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi njira imene ndimalangiza anthu ambiri. Ndikunena ma Dell OptiPlex ndi Latitude, ma HP EliteDesk, ProDesk ndi EliteBook, ma Lenovo ThinkCentre ndi ThinkPad. Makampani akunja amagula makina amenewa ambirimbiri, n'kuwachotsa pakapita zaka zingapo adakali ndi mphamvu. Windows 10 inasiya kuthandizidwa pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, kupatula zochepa chabe. Tanthauzo lake n'lakuti makina a Core i5 a m'badwo wachisanu ndi chimodzi ndi wachisanu ndi chiwiri akanidwa ndi Windows pamene Linux imayenda nawo mosatekeseka. M'badwo mumaudziwira pa nambala yoyamba: i5-6500 ndi wachisanu ndi chimodzi, i5-8500 wachisanu ndi chitatu.

Mtengo. Wotsika kuposa njira zina zonse mukayerekeza ndi ntchito imene makinawo amagwira. Koma musathere ndalama yonse pogula. Siyani ina yogulira SSD ngati m'katimo muli hard disk yozungulira, ndi yokwezera RAM kufika 8GB. Palibe chimene chimasintha kompyuta yakale ngati SSD. Makina amene ankayaka mwaulesi mpaka munthu kukaika madzi pa mbaula amayaka usanakhale n'komwe pa mpando. Kumeneku ndi kumanganso, kungoti mukumanga pa maziko amene alipo kale.

Kupezeka. Ku Lilongwe ogulitsa ndi ambiri, ndipo ena amalengeza pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ubwino waukulu ndi wakuti popeza makinawa anapangidwa ochuluka, machaja, makiyibodi, masikirini ndi mabatire ake amapezeka, ngakhale ochotsa pa ina yakufa.

Chisamaliro. Anawapanga kuti azitsegulidwa. OptiPlex zambiri chivindikiro chake chimachoka popanda sikuludalaivala. Kawiri pa chaka, makamaka mvula ikayandikira, tulutsani makinawo panja, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire, mupemerere fumbi. Ikamatentha kwambiri, pakani mafuta atsopano a pa purosesa. Ikamaiwala tsiku ndi nthawi, sinthani kabatire kozungulira ka CR2032, kofanana ndi ka m'masikelo ena a m'manja. Linux Mint 22 ndi Ubuntu 24.04 zonse zizilandira zokonza mpaka 2029, ndiye simudzafunika kuikanso posachedwa.

Mwa zonsezi, timakina ting'onoting'ono ngati ThinkCentre Tiny, OptiPlex Micro ndi EliteDesk Mini ndimatikonda kwambiri. Kukula kwake ngati buku la nyimbo la kutchalitchi, timagwiritsa chaja ngati ya laputopu, nthawi zambiri ya mawati 65, ndipo pa ntchito ya kalembera timadya pang'ono zedi. Chaja ikapsa mumangogula ina. Tambiri tilibe Wi-Fi, koma musadandaule: lumikizani foni ya Android ndi chingwe cha USB, yatsani USB tethering, Linux imaiona pompo. Onetsetsani chabe kumbuyo kwake. Ngati kuli DisplayPort yokha pamene sikirini yanu ndi ya VGA, mufunika kachingwe kosinthira.

Zoopsa. Zilipo, ndipo zimaluma. Waranti imakhala ya mwezi umodzi kapena ya pakamwa. Batire ya laputopu imakhala yotopa. Hard disk imatha kukhala pafupi kufa. Choopsa kwambiri ndi BIOS yotsekedwa ndi pasiwedi ya kampani imene inkagwiritsa makinawo. Pa ThinkPad pasiwedi imeneyi siichoka mwachisawawa, ndipo ikhoza kukuletsani kuyatsira pa fulashi. Ma desikitopu opyapyala a Dell ndi HP nawo ali ndi power supply, kabokosi kopereka magetsi ku ziwalo, ya mtundu wawowawo, ikapsa simungaikemo ya wamba. Ndipo pali za kuba. Makina opanda chaja, otsika mtengo modabwitsa, mwini wake ali pa changu, asiyeni.

Mankhwala a zonsezi ndi mphindi makumi awiri ndi fulashi m'thumba. Mlembi uja ndinamuonetsa pa ThinkPad imene inali pa benchi. Tinayatsa, kudina F12, kusankha fulashi, Mint n'kutseguka. Tinalumikiza Wi-Fi ya pa foni yanga, tinaliza kanema kuti timve masipika, tinatsegula kamera mpaka anadziona nkhope n'kuseka. Kenako ndinamuuza kuti alembe zilembo zonse za pa kiyibodi chimodzichimodzi. Chilembo cha N chinkafuna kukanikiza kawiri. "Chimenechi m'Chichewa sitingachilambalale," anatero, ndipo ananena zoona. Tinatsegula pulogalamu ya Disks kuona thanzi la SSD, tinaona mphamvu yotsala ya batire, tinazula chaja kuona ngati izima. Wogulitsa amene akukana kuti muchite zimenezi wakuuzani kale zimene mumafuna kudziwa.

Njira yachitatu: kumanga nokha

Kumanga kompyuta ndi kugula ziwalo payokhapayokha: motherboard, purosesa ndi fani yake, RAM, SSD, power supply ndi bokosi, n'kuzilumikiza. Ntchito ya manja yokhayo si yovuta. Amene amatha kumanga njinga akhoza kuiphunzira masana amodzi. Ndipo kukoma kwake n'koona, chifukwa chiwalo chilichonse mwasankha nokha mukudziwa kuti Linux ichilandira.

Mtengo. Zimene mumamva pa YouTube zoti kumanga n'kotchipa zimanenedwa ndi anthu okhala kumene chiwalo chimafika pakhomo mawa lake. Kuno chiwalo chilichonse chimabwera ndi thiransipoti yake, msonkho wake ndi phindu la wogulitsa. Pa kompyuta ya ntchito wamba, kumanga kumadula kuposa kaunjika, kutalitali. Kumayamba kupindula pamene mukufuna mphamvu zenizeni, monga zodulira makanema kapena zomangira mapulogalamu akuluakulu, chifukwa makina athunthu a mphamvu zoterozo ndi odula koposa.

Kupezeka. RAM, SSD, mabokosi ndi ma power supply wamba zimapezeka ku Lilongwe. Motherboard ndi purosesa zogwirizana nthawi zambiri n'zochita kuitanitsa ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku China, kapena kutuma m'bale amene akubwera. Konzekerani kudikira masabata.

Kugwirizana kwa ziwalo ndi kumene kumagwetsa ambiri. Purosesa iliyonse ili ndi soketi yake, AM4 ya AMD siilandira ya Intel ya LGA1700. RAM ya DDR4 silowa pa malo a DDR5. Purosesa ya Intel yothera ndi F ilibe zithunzi m'kati, chimodzimodzi ma Ryzen a AM4 opanda G, ndiye mukagula imeneyo popanda khadi la zithunzi sikirini ingokhala bii. Kwa womanga koyamba wofuna Linux, Ryzen 5 5600G ndi poyambira pabwino: ili ndi ma core asanu ndi limodzi, zithunzi zili m'kati, dalaivala wake ali kale mu Linux. Koma motherboard yakale ya B450 imatha kuikana mpaka BIOS itakwezedwa, ndiye funsani wogulitsa zimenezo musanatumize ndalama.

Chisamaliro. Apa ndi pamene kumanga kumapambana. Zonse ndi za muyezo umodzi, chimene chafa mumachotsa chokhacho. Pakapita zaka mumawonjezera RAM kapena kusintha purosesa bokosi lili lomwelo. Bokosi lalikulu limapumanso bwino, makamaka likakhala ndi sefa ya fumbi kutsogolo. Musaliike pansi pa simenti, likwezeni pa tebulo.

Zoopsa. Ndinena zimene zinandigwera. Kompyuta yoyamba imene ndinamanga, ndalama zambiri ndinathera pa purosesa, ndipo power supply ndinagula yotchipa yopanda dzina pa sitolo ina mu tauni. Inagwira bwino chilimwe chonse. Tsiku lina mu Januwale kunagunda mphenzi cha kumapiri, magetsi anathima n'kubwerera mwamphamvu, ndinangomva kuti phu, kenako fungo la waya wopsa. Power supply inafa n'kutenga motherboard. Ndinakhala masabata asanu ndikudikira ina, makasitomala a makalata ndi ma CV akubwerera pakhomo. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti sindinkadziwa ngati purosesa ndi RAM zapulumuka, popeza panalibe makina ena a mtundu womwewo pafupi oti ndiyeserepo. Vuto la kumanga kuno ndi limeneli: ikakana kuyaka, wopeza cholakwika ndinu nokha, ndipo chiwalo chilichonse waranti yake ili kwa munthu wina, mwina kunja kwa dziko.

Choncho pa power supply musaumire, gulani ya dzina lodziwika yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus. Ikakhala ndi kaswitchi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230, onetsetsani kuti kali pa 230 musanalumikize, chifukwa magetsi athu ndi a 230V. Ikani UPS. Ngati muli pa sola, dziwani kuti ma power supply ena sagwirizana ndi ma inveta otchipa, amafuna ya pure sine wave. Ndipo kukayamba kung'anima, zulani pa khoma. Kuzimitsa swichi kokha sikukwanira.

Mawu ochepa pa Raspberry Pi

Achinyamata amandifunsa za kabolodi aka, kamene ndi kakompyuta kathunthu kokwana m'chikhatho. Kamadya magetsi ochepa kwambiri ndipo n'kabwino pophunzirira mapulogalamu ndi zamagetsi. Koma mukawonjezera chaja yake, kabokosi, memori khadi, chingwe cha micro HDMI ndi mtengo woitanitsira, mwafika kale pa mtengo wa ThinkCentre Tiny ya kaunjika, imene ili ndi mphamvu zambiri pa ntchito ya mu ofesi. Memori khadi nayo siikonda magetsi othima mwadzidzidzi.

Tsono inu mutenge iti

Ngati muli kumudzi pa sola, kaya ku Kapiri, ku Tembwe kapena ku Mkanda, tengani laputopu ya kaunjika ya mu ofesi, ThinkPad kapena Latitude, ya RAM ya 8GB ndi SSD. Batire yake ndi UPS kale. Mlembi uja ndinamulangiza zimenezi, ndipo ndinamuuza kuti asiye ndalama ya batire yatsopano ndi fulashi ziwiri zosungiramo kaundula, imodzi izikhala kwa msungichuma. LibreOffice Calc imawerengetsa makilogalamu ndi ngongole monga Excel, ndipo imatsegula mafayilo ake.

Ngati muli ndi kashopu kolemba ndi kusindikiza makalata pa Kamwendo kapena pano pa Boma, tengani desikitopu ya mu ofesi kapena kamakina kakang'ono kaja, pamodzi ndi UPS. Koma yambirani pa purinta. Za HP zambiri zimagwira kudzera pa madalaivala a HP otchedwa HPLIP, za Epson zambiri zili ndi dalaivala wa Linux, zina zimavuta makamaka mbali ya sikana. Nyamulani fulashi, mukayese pa purinta yanuyo. Ndipo ngati chakudya chanu chimachokera pa CorelDRAW kapena Photoshop, dziwani kuti zimenezi sizinapangidwire Linux. Inkscape ndi GIMP zimagwira ntchito yofanana koma zimafuna kuphunzira mwatsopano, ndiye musafufute Windows pa makina a bizinesi musanazolowere. Ikani zonse ziwiri, Windows ndi Linux.

Sukulu kapena tchalitchi chofuna makompyuta khumi chigule a kaunjika a modelo imodzi, n'kuwonjezerapo imodzi yapadera. Mukakonza imodzi mwakonza zonse, ndipo yakufa imasanduka nkhokwe ya ziwalo. Akakhala akale kwambiri, a RAM ya 4GB, ikanimo mitundu yopepuka ya Linux, Linux Mint ya Xfce kapena Lubuntu.

Bungwe limene ndalama zake zimafuna makoteshoni, lisiti ndi waranti ligule yatsopano, koma ya gulu la mu ofesi, osati yotchipitsitsa, ndipo lifufuze modelo yake kaye.

Mangani ngati mumajambula maukwati ndi zinkhoswe ndipo mukufuna kudula makanema pa Kdenlive kapena DaVinci Resolve, kapena mumalemba mapulogalamu olemera, magetsi muli nawo odalirika, ndipo muli ndi kompyuta ina yogwirira ntchito podikira ziwalo. Wa Resolve adziwe kuti pa Linux imayenda bwino ndi khadi la NVIDIA, choncho aike ndalama ya khadilo ndi ya power supply yokulirapo.

Wophunzira amene akungofuna kudziwa m'kati mwa kompyuta asadikire ndalama ya ziwalo zatsopano. Agule OptiPlex ya bokosi lalikulu yakale, aimasule yonse pa mphasa, apukute, aimangenso, aikemo Debian, mtundu wina wa Linux, ndi manja ake.